ANTHU A KUCHIGWA NDI MAPIRI AWO: Za Maulendo a Loweruka Ochokera kwa Chapananga

M'zaka zapitazi chakula chizolowezi pakati pa anthu ogwira ntchito m'mizinda ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe chomanyamuka m'magulumagulu Loweruka m'mamawa kukakwera mapiri, ndi kubwerera Lamulungu madzulo atawongola miyendo ndi kupumitsa mitima. Amene amatero ndi makalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi anyamata a m'masitolo. Kale masewera otere ankayesedwa a Azungu okha, ndipo munthu wakuda wopezeka pamwamba pa phiri kawirikawiri ankakhala atasenza katundu wa bwana, kapena ali ku ulenje, kapena akutola nkhuni. Tsopano eni dziko nawonso akukwera pa kufuna kwawo.

Koma mbiri ya maulendo amenewa siimveka kwambiri ku Chigwa cha Shire, kumene antchito a Boma ambiri amakhala kutali ndi kwawo pa malo otentha. Mphunzitsi wa kwa Chapananga akaweruka Lachisanu, kupuma kwake nthawi zambiri kumathera pa khonde, pa bawo, kapena pa msika, kuyembekeza kuti dzuwa lipendeke. Komatu munthu ameneyu ndiye ali ndi zifukwa zazikulu zokwerera phiri kuposa mnzake wa mu mzinda, pakuti kuwonjezera pa mphepo yabwino imene akaipeza kumeneko, madzi onse amene amamwa, ndiponso madzi amene amamugumulira nyumba, amachokera ku mapiri omwewo.

KUMENE KULI CHAPANANGA

Dera la Mfumu Chapananga lili kumadzulo kwa boma la Chikwawa, ndipo limachita malire ndi dziko la Mozambique. Chakum'mawa ndi chakumpoto kwake kuli nkhalango ya nyama ya Majete, chakumwera kuli nkhalango ya Lengwe, ndipo kumpoto dziko limayamba kukwera kulinga ku mapiri a boma la Mwanza. Pakati pake padutsa mtsinje wa Mwanza, umene umatsika kuchokera ku mapiriwo nukathira mu Shire kumunsi kwa Chikwawa. Anthu a kumeneko amalima thonje, mapira, mchewere, chitowe, nandolo ndi chimanga, ndipo amaweta ng'ombe ndi mbuzi.

Boma la Chikwawa lili pa mamita pafupifupi 100 okha kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, pamene Blantyre ili pa mamita oposa 1,000, ngakhale kuti pakati pa malo awiriwa pali makilomita pafupifupi 50 basi. Akatswiri a zanyengo amaphunzitsa kuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ichi ndicho chifukwa chake m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kuchigwa kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo ana a sukulu amawodzera m'kalasi nthawi isanakwane ya nkhomaliro, munthu amene wakwera chitunda cha pa Thabwa kulinga ku Blantyre amamva mphepo ikusintha galimoto lisanafike n'komwe pamwamba.

MAPIRI SANALI ACHILENDO KWA MAKOLO

Pali ena amene amati kukwera phiri popanda chokatenga ndi mwambo wobwera, ndipo n'zoona kuti Azungu ndiwo anauyambitsa monga masewera. Chimene chinawakokera kumtunda poyamba chinali malungo. Bishopu Mackenzie atamwalira mu Januwale 1862, anzake a mishoni anachoka ku Magomero natsikira kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, ndipo ena a iwo anafera komweko. Manda awo alipo mpaka tsopano. Amishoni a ku Scotland atadza mu 1876 anamanga Blantyre pa mtunda, ndipo Harry Johnston anaika likulu la Boma pa tsinde la phiri la Zomba mu 1891. Pambuyo pake akuluakulu a Boma la Nyasaland anamanga tinyumba topumuliramo pamwamba pa phirilo, ndipo mu 1952 okonda phiri la Mulanje anakhazikitsa kalabu yawo, imene lero imatchedwa Mountain Club of Malawi.

Koma eni dziko anawadziwa mapiriwa kalekale Azungu asanafike. M'mapiri ndimo ankathawira pa nthawi ya nkhondo ndi ya ogula akapolo, ndipo ndimo ankakathira nsembe mvula ikakana. Amang'anja ena amene ali kuchigwa lero makolo awo ankakhala kumtunda, ndipo anatsika m'zaka za m'ma 1860 chifukwa cha nkhondo ndi njala. Nsonga yaitali ya Mulanje anaitcha Sapitwa anthu amene ankalidziwa bwino phirilo, nadziwanso pamene munthu ayenera kulekezera. Tsono mwana wa kuchigwa akakwera phiri akuponda njira zimene makolo ake anaziyenda, kusiyana kwake n'kwakuti iye akuyenda pa mtendere.

ULENDO WOYAMBA: ZITUNDA ZAPAFUPI

Ulendo wosavuta koposa ndi wa tsiku limodzi, wa pansi kapena wa pa njinga, ndipo sulira ndalama ya galimoto. Munthu wochokera kwa Chapananga akalunjika kumpoto, kutsata msewu wopita ku Mwanza, amayamba kukumana ndi zitunda zimene zimakwera pang'onopang'ono mpaka ku mapiri a Thambani. Mitengo ya kuchigwa, monga milambe ndi tsanya, imayamba kuchepa, ndipo m'malo mwake mumabwera mitengo ya kumtunda monga mombo ndi msuku. Woyenda akaima pa chitunda nayang'ana kumbuyo, amaona chigwa chonse chitayalidwa pansi pake: minda, midzi, madenga a malata a sukulu, ndi mtsinje wa Mwanza uli mbee ndi mchenga.

Pa ulendo wotere pali malamulo atatu amene sayenera kuiwalika. Loyamba ndi lakuti phiri lililonse lili ndi eni ake, choncho alendo ayenera kuyamba aonekera kwa nyakwawa wa mudzi wapafupi, kunena kumene achokera ndi chimene adzera, ndi kupempha munthu wowatsogolera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wa m'mudzi ndiye amadziwa pamene pali manda, pamene pali msitu wa nsembe wosalowamo, ndiponso pamene pali kasupe. Lachiwiri ndi lakuti malire a Mozambique ali pafupi ndipo m'thengo saoneka bwino. Wantchito wa Boma wopezeka tsidya lina wopanda chikalata amadzipalira mlandu wosafunika. Lachitatu ndi lakuti mpanda wa nkhalango ya nyama sudumphidwa pa chifukwa chilichonse.

Nthawi yonyamukira ndi tambala wachiwiri, kuti dzuwa likamafika pa liwombo anthu akhale atafika kale pamwamba ndipo ali pa mthunzi. Madzi akumwa akhale ochuluka, chifukwa timitsinje tambiri ta m'zitundazi timauma m'chilimwe.

ULENDO WACHIWIRI: MAJETE NDI MATHITHI A KAPICHIRA

Anthu ambiri a kwa Chapananga amaiona Majete ali kunja kwa mpanda okha, pamene alendo amachokera ku maiko akutali kudzalowamo. Nkhalango imeneyi, imene kukula kwake ndi masikweya kilomita 700, inakhazikitsidwa mu 1955, ndipo dzina lake inatengera ku phiri la Majete limene lili m'kati mwake. Pofika m'zaka za m'ma 1990 nyama zambiri zinali zitatha ndi mfuti ndi misampha, ndipo njovu zinali zitatheratu. Mu 2003 Boma, kudzera mu Dipatimenti ya Nkhalango za Nyama, linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse malowa kwa zaka 25. Zipembere zinabwezedwamo chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018 ndipo mimbulu mu 2021. Njovu zinaswana kotero kuti mu 2017 zina zinasamutsidwa kukadzaza nkhalango ya Nkhotakota.

Chipata chachikulu chili kumpoto kwa boma la Chikwawa, pafupi ndi mathithi a Kapichira, choncho wochokera kwa Chapananga ayenera kudzera pa boma. Mbadwa za dziko lino zimalipira ndalama yochepa kusiyana ndi alendo akunja, ndipo pali malo omangapo matenti kwa amene sangathe kulipira nyumba zogona. M'katimo munthu sayenda pansi yekha. Ofuna kuyenda m'thengo kapena kukwera phiri la Majete ayenera kupangana ndi akuluakulu a nkhalangoyi nthawi ikadalipo, ndipo amatsagana ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti, amene mawu ake ndi lamulo.

Pa Kapichira pomwepo pali phunziro la mbiri ya dziko lino. Apa ndipo David Livingstone anabwererera mu Januwale 1859, sitima yake yotchedwa Ma Robert italephera kupitirira mathithi, ndipo chifukwa cha ichi maulendo ake ofuna nyanja anawayenda pansi. Lero pa mathithi omwewo pali makina opangira magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130, ndiponso mutu wa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 a m'chigwachi.

Sikuti mpanda wa Majete unadza wopanda zowawa. Anthu a m'midzi yozungulira anataya malo amene ankasakako nyama, kudulako mitengo ndi kufulako njuchi. Oyang'anira nkhalangoyi akhala akuyesa kubweza mbali ya zimenezi polemba ntchito anthu a m'midzimo, kuthandiza ulimi wa njuchi, kulipirira ana ena sukulu, ndi kulola anthu kumweta udzu ndi chilolezo. Ngati zimenezi zikukwanira ndi nkhani imene mafumu ndi anthu awo ayenera kupitiriza kukambirana ndi oyang'anirawo. Koma chimene woyenda aliyense angaone ndi maso ake ndi kusiyana kwa mbali ziwiri za waya: m'kati mitengo ili njo ndipo nthaka yaphimbika, pamene kunja malo ambiri atsala zitsa.

ULENDO WACHITATU: MULANJE NDI ZOMBA

Amene ali ndi masiku awiri athunthu, makamaka pamene holide ya Boma yagundana ndi Loweruka, angathe kufika ku mapiri akuluakulu. Ulendo wake ndi wodzera pa Chikwawa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukwera chitunda mpaka Blantyre, ndipo kuchokera ku Limbe kutenga msewu wa Midima kapena wa Thyolo kupita ku Mulanje, kapena msewu wa Zomba umene ndi wa makilomita pafupifupi 65. Wanzeru amanyamuka Lachisanu akangoweruka nakagona kwa abale mu mzinda.

Phiri la Zomba ndilo loyenera oyamba kumene, pakuti msewu wa galimoto umafika pamwamba mpaka ku Ku Chawe, ndipo njira zake n'zosavuta. Kumeneko kuli dziwe la Mulunguzi limene limapereka madzi ku mzinda, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe, ndi malo awiri oonerapo dziko: ena otchedwa Queen's View pokumbukira Mayi wa Mfumukazi ya ku Britain amene anacheza m'dziko muno mu 1957, ndi ena otchedwa Emperor's View pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anadza mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje patali.

Mulanje ndi phiri lina ndithu, lofuna ulemu. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'dziko muno. Phirili linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Okwera ambiri amayambira pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula, pamene amalembetsa maina, kulipira, ndi kupeza owatsogolera ndi onyamula katundu. Wofooka miyendo angalekezere pa Dziwe la Nkhalamba, pamene mtsinje umagwa m'thamanda lozizira, nabwerera tsiku lomwelo. Wolimba angakwere maola anayi kapena asanu mpaka ku tinyumba ta pamwamba monga Chambe kapena Lichenya, kumene kuli mlonda, nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi zofunda ndi za mwini ulendo.

Sapitwa weniweniyo si wa ulendo wa Loweruka ndi Lamulungu kwa munthu wochokera kutali ngati kwa Chapananga, pakuti amalira masiku atatu. Ndiponso si wokwera munthu ali yekha. Mu 2003 ndi mu 2009 alendo awiri ochokera kunja anatayika pa nsonga imeneyi atapita opanda wowatsogolera. Mmodzi anapezeka atafa ndi chisanu, winayo sanapezeke. Choopsa chachikulu ndi chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yowaza imene imadza kuchokera ku Mozambique m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ikagwa munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake. Wa kuchigwa, amene thupi lake lazolowera kutentha ndipo mwina alibe n'komwe jekete lochindikala, ayenera kulabadira kwambiri chenjezo limeneli.

CHIMENE WOKWERA AMAKAONA

Phindu loyamba la maulendowa ndi la thupi ndi mtima. Munthu wokhala pa desiki masiku asanu, kapena woima pa bolodi pamaso pa ana ochuluka, amafunika kuyenda ndi kupuma mpweya wina. Wantchito wotumizidwa kutali ndi abale ake amagwidwa msanga ndi kusungulumwa, ndipo si chinsinsi kuti ena malipiro awo amathera ku mowa chifukwa chosowa chochita pa Loweruka. Ulendo wa ku phiri umadya tsiku lomwelo ndi ndalama yocheperapo, ndipo Lolemba munthu amafika ku ntchito mutu uli wopepuka.

Koma phindu lalikulu ndi la maso. Munthu wokhala kuchigwa amaona madzi osefukira akamufika pakhomo, osaona kumene ayambira. Akakwera, amaona. Pamene pali nkhalango, masamba a mitengo amalandira mvula, zinyalala zapansi zimaigwira, mizu imaitsegulira njira yolowera m'nthaka, ndipo madziwo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'chilimwe. Pamene mitengo yadulidwa ndipo anthu alima motsetsereka popanda mizere yopingasa, mvula imagwa pa nthaka yambee nithamanga yonse nthawi imodzi, itasenza dothi ndi mchenga. Ikafika kuchigwa, kumene dziko ndi lathyathyathya, liwiro lake limachepa ndipo mchenga umatsala m'khwawa. Chaka ndi chaka khwawalo limadzala, mpaka mtsinje usowa poyenda nulowa m'minda ndi m'midzi. Ichi ndicho chifukwa chake mtsinje wa Mwanza umaoneka ngati bwalo la mchenga m'chilimwe, koma m'dzinja umasanduka chilombo m'maola ochepa, ngakhale pa tsiku limene kwa Chapananga sikunagwe dontho.

Anthu a m'chigwachi safunika kuuzidwa za mtengo wake wa zimenezi. Anaona madzi a mu Januwale 2015 ndi a mu Malichi 2019. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza, wautali mamita 180, umene anthu anauyembekeza zaka zambiri ndipo unali utangogwira ntchito zaka zochepa. Namondwe yemweyo anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala m'mavuto a magetsi mpaka makinawo atakonzedwa mu 2023. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera pa phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, nachitanso chimodzimodzi m'midzi ya m'mphepete mwa Mulanje, ndipo anthu mazanamazana anatisiya.

Sikungakhale kuona mtima kunena kuti mitengo yokha ikanaletsa zonsezi, pakuti mvula ya anamondwe amenewa inali yoposa muyeso, ndipo ngakhale mapiri a nkhalango amagumuka mvula ikanyanya. Koma akatswiri a zanthaka ndi zankhalango amagwirizana kuti phiri lopanda mitengo limatulutsa madzi mofulumira ndi mchenga wochuluka kuposa phiri lovala. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa la madzi a kumtunda ndi chigwa cha Shire.

Wokwera amakumananso ndi anthu amene akudula mitengoyo. Pa chitunda cha msewu wa Blantyre amapambana ndi anyamata okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, ndipo m'nkhalango amaona utsi wa mauvuni. Pa Mulanje amamva za mkungudza, mtengo wa fuko lino umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, ndi kuti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yake ikuluikulu 7 yokha itatsala. Mbande zambiri zabzalidwa kuyambira pamenepo, koma mkungudza umatenga zaka makumimakumi kuti ukule. Lamulo la Zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020 kuti zilango za owotcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo zikule. Komabe wowotcha makala amatero chifukwa cha njala ya pakhomo pake, ndipo wogula wake ndi munthu wa malipiro a pamwezi, pakuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Kalaliki amene waona ndi maso ake kumene thumba lake la makala limachokera sachedwa kumvetsa chifukwa chimene alangizi amalimbikitsira mbaula zosatha nkhuni ndi kubzala mitengo pakhomo.

MBALI YA APHUNZITSI

Palibe amene angapindule ndi maulendowa kuposa aphunzitsi. Mwana wa kuchigwa amaphunzira za mapiri, zigwa, magwero a mitsinje ndi kukokoloka kwa nthaka pa bolodi, ndipo amaloweza mawuwo kuti akhoze mayeso. Mwana yemweyo akaima pa chitunda, mphunzitsi namuloza mtsinje kuchokera kumene watuluka mpaka kumene wathera, phunziro la sabata zingapo limalowa m'mawa umodzi. Akaona ngalande yokumbika ndi madzi pa munda wotsetsereka, ndi munda woyandikana nawo wa mizere yopingasa ndi udzu wa vetiva uli bwinobwino, sadzafunanso kuloweza tanthauzo la kusamala nthaka.

Njira yake ilipo kale. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene chiyambi chake ndi bungwe losamala nyama lokhazikitsidwa mu 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri, ndipo oyang'anira Majete amalandira magulu a ana a sukulu zozungulira nkhalangoyo. Chofunika ndi mphunzitsi mmodzi wakhama amene angalembe kalata. Asanatenge ana, iye ayenera kuyamba wayenda yekha njirayo ndi anzake, kupeza chilolezo cha mphunzitsi wamkulu, cha komiti ya sukulu ndi cha makolo, ndipo pagulu pamene pali atsikana payenera kukhala mphunzitsi wamkazi. Ana asapitirire chiwerengero chimene akulu alipowo angathe kuchiyang'anira, ndipo aziwerengedwa ponyamuka, pamwamba ndi pobwerera.

ZA NDALAMA NDI ZOKONZEKERA

Chodandaula cha ambiri ndi ndalama, ndipo ndi chodandaula choona, pakuti malipiro a mphunzitsi kapena a mlangizi safika kumapeto kwa mwezi. Koma mutu umodzi susenza denga. Anthu khumi a pa sukulu, pa chipatala ndi pa ofesi ya zamalimidwe akamasonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, monga amachitira pa chipereganyu, angathe kuchita ulendo wa zitunda zapafupi kawirikawiri, wa ku Majete kamodzi pa teremu, ndi wa ku Mulanje kapena Zomba kamodzi pa chaka. Wotsogolera mmodzi amakwanira gulu lonse, ndipo mtengo wake ukagawidwa sulemera. Amayi asasiyidwe m'mbuyo pa zimenezi. Amene amatha kusenza ndowa kuchokera ku mjigo sangalephere chitunda.

Miyezi yabwino ndi ya Meyi mpaka Seputembala, pamene misewu yauma ndipo dzuwa silinafike poipa. M'dzinja ulendo wa ku phiri ndi woopsa, chifukwa miyala imaterera ndipo mitsinje imadzala mwadzidzidzi. Wochokera kwa Chapananga ayeneranso kufunsa za mkhalidwe wa msewu ndi powolokera Mwanza asananyamuke. Katundu wofunika ndi wochepa: nsapato zolimba zozolowera phazi, chipewa, chovala chofunda, bulangete, tochi, madzi, ufa ndi ndiwo zouma, mtedza kapena mbatata yootcha ya pa njira, ndi mankhwala a zilonda. Amene ali ndi nthenda ya mtima kapena ya kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa ku chipatala. Gulu lisiye mawu kwa munthu wodalirika kunena kumene lapita ndi nthawi imene libwere, pakuti lamya za m'manja sizigwira paliponse m'mapiri.

Ndipo alendo akumbukire kuti ndi alendo. Moto usasiyidwe usanazimitsidwe, popeza moto wolusa wa m'chilimwe umapha mbande zimene zikanakhala nkhalango. Mapepala ndi mabotolo abwerere m'thumba momwe anadzera. Wotsogolera ndi wonyamula katundu alipidwe mtengo umene unapanganidwa, osachita kumunyengerera, chifukwa mnyamata amene wapeza ndalama poonetsa anthu nkhalango amakhala ndi chifukwa choisungira.

Nyengo yobzala mitengo imene Boma linakhazikitsa imayamba mu Disembala ndi kutha mu Epulo. Gulu limene lakwera zitunda za kumpoto kwa Chapananga m'mwezi wa Juni kapena Julayi lidzakhala litaona malo amene akufunika mitengo koposa, litadziwana ndi nyakwawa wa kumeneko, ndipo lidzakhala ndi miyezi yokwanira yofesera mbande pa sukulu mvula isanagwe. Alangizi a zankhalango a pa boma la Chikwawa ndi la Mwanza ndiwo oyenera kufunsidwa za mitundu ya mitengo yogwirizana ndi nthaka ya malowo.